Mmene ndinapangira chovala cha chiphaniphani chowala ndi tochi ya pamsika

Chaka chatha, kutatsala milungu iwiri kuti Khirisimasi ikwane, mzime wanga anabwera kuchokera kutchalitchi ali wefuwefu nandipeza pakhonde pomwe ndimasokera, pano pa Vila Ulongué, ku Angónia m'dziko la Mozambique. "Amayi, andisankha! Pa sewero la usiku wa pa 24 ine ndikhala chiphaniphani." Ndinaimitsa makina. Anzake anapatsidwa za angelo, abusa ndi nkhosa, zoti ukapeza nsalu yoyera kapena bulangete lakale basi zatheka. Wanga yekha ndiye ankafunika kuwala. Amayi amene amaphunzitsa anawo anaganiza kuti m'khola muja munalibe nyale, ndiye pakhale kachilombo kounikira khandalo. M'Baibulo mulibemo zimenezo, koma nditaona mmene maso a mwanayo ankawalira, sindinatsutse.

Ine ndine telala, za nsalu sizindivuta. Za magetsi ndinathamangira kwa alongo anga amene amakonza mawailesi ndi mafoni kumsika. Zimene ndinagula ndi zitatu zokha: tochi, mabatire ndi tepi yakuda ya magetsi, ndipo zonse pamodzi sizinafike mametikali 300. Zina zonse zinali za pakhomo kapena zotola.

Ndinene kaye chimene chinanditayitsa masiku atatu. Ndinayamba ndi mapiko chifukwa ndiwo ali pafupi ndi ntchito yanga. Kumeneko kunali kulakwitsa. Mumdima mapiko palibe amene amawaona. Anthu amaona kuwala, ndipo kuwalako kukangoyaka osazima amangoti mwana wamangirira tochi kumbuyo. Chiphaniphani chimadziwika ndi kuthwanima: thwani, zii, thwani, zii. Choncho nzeru zanu ndi kandalama kanu ziyambe kupita ku nyale ndi kopanira koiyatsira ndi kuizimitsira. Mapiko abwere pambuyo.

Musanadule chilichonse, mutengeni mwanayo mupite naye kudambo dzuwa litangolowa. Mu Disembala mvula imakhala itagwa, udzu wamera, ndipo ziphaniphani zimakhala mbwee pafupi ndi madzi. Ife tinagwira chimodzi n'kuchiika m'kapu ya galasi kuti tichione bwino. Ndinakula ndikuzigwira, koma ndinali ndisanachiyang'anepo ndi maso a telala. Ndi kachikumbu kakang'ono, kakuda mothimbirira, ka miyendo isanu ndi umodzi ndi tinyanga tiwiri. Mutu wake umabisala pansi pa kachishango. Kali ndi mapiko anayi: awiri apamwamba olimbirapo amene amaphimba msana, ndi awiri apansi opyapyala amene kamaulukira. Sikawala thupi lonse ayi. Kamawala kumapeto kwenikweni kwa mimba, chapansi, ndipo kuwalako ndi kwachikasu kosakanikirana ndi kubiriwira. Mwana wanga wamkulu, amene ali ku sekondale, anatifotokozera kuti m'mimbamo muli mankhwala otchedwa luciferin, amene akakumana ndi mpweya wa okosijeni mothandizidwa ndi china chotchedwa luciferase amatulutsa kuwala kosatentha. Agogo ake atamva dzinalo anakweza nsidze, poti chovalacho chinali chopita nacho kutchalitchi, koma mnyamatayo anawatsimikizira kuti ndi mawu a Chilatini ongotanthauza chonyamula kuwala. Anawonjezera kuti mitundu ya ziphaniphani padziko lonse ndi pafupifupi 2000, uliwonse ndi kathwanimidwe kake, ndipo kawirikawiri zimene zimauluka zikuthwanima ndi zazimuna, zazikazi zimayankha zili pa udzu. Mzime wanga anakwiya pang'ono: "Ndiye ine ndikhala chachimuna?" Tinachimasula chiphaniphanicho n'kubwerera.

Tochi

Gulani tochi yaing'ono ya pulasitiki yolowa mabatire awiri a AA mondondozana. Batire lililonse ndi 1.5 V, awiriwo ndi 3 V, mphamvu yoti ngakhale mwana agwire waya wosenda samva kanthu. Musagule zotchaja zija zomata, zoti batire lake simungalitulutse, chifukwa nzeru imene ndifotokoze pano imafuna kuti mufike pa batirelo. Chinanso chimene alongo anga anandichenjeza: sankhani ya switchi yokankha kutsogolo ndi kumbuyo. Matochi ena ali ndi kabatani kodina kamene kamasinthasintha, kuwala kwambiri, kuwala pang'ono, kuphethira. Amenewo mukadula magetsi n'kuwabwezera, ena amalumphira pa kawalidwe kena, ena sayakanso mpaka mutadinanso kabataniko. Yesani pa banka la wogulitsayo pomwepo musanalipire. Yatsani, masulani chotsekera kumbuyo mpaka izime, mangitsaninso. Ikayakanso yokha monga poyamba, ndi imeneyo.

Kandulo, koloboyi, kapena chilichonse cha lawi la moto, musachiganizire n'komwe. Botolo ndi pulasitiki, mapiko ndi katoni ndi neti, ndipo zonsezo zili pamsana pa mwana amene sangazivule yekha msanga. Timagetsi ta Khirisimasi tolumikiza kukhoma natonso ayi, chifukwa kukhomako kuli 220 V. Mayi wina woyandikana nane anandiuza kuti ndingomata timababu ta LED pa timabatire tobulungira tonga ndalama yachitsulo, tija tolembedwa CR2032. Zimayaka ndithu, pakuti kabatire kameneko ndi ka 3 V, koma pakhomo panga pamasewera tiana tokwawa. Mwana akameza kabatire kotero kamatha kumuwotcha kummero m'maola awiri okha. Ndinakana. Batire la AA ndi lalikulu, ndipo limakhala lotsekeredwa m'tochi.

Pegi

Apa ndiye pagona nkhani. Tochi ikhala kumbuyo, m'botolo, koma mwana ayenera kuiyatsa ndi kuizimitsa ali chilili, dzanja lili kutsogolo, anthu osaona chimene akuchita. Alongo anga anatenga pegi yamtengo yoyanikira zovala, kachidutswa ka katoni ndi chingwe cha tchaja yakufa.

Dulani mitu yonse iwiri ya chingwe cha tchajacho. M'kati mupezamo mawaya awiri kapena anayi. Mukufuna awiri okha, tengani wofiira ndi wakuda, enawo muwadule afupike. Chingwecho chitalike kuchokera m'chiuno kumbuyo, kukwera msana, kudutsa paphewa, kutsika mkono mpaka m'dzanja, n'kutsalako pang'ono kuti mwana athe kukweza mkono. Kwa wanga wa zaka 7 chinakwana mita imodzi ndi masentimita 20. Chikafupika lumikizani ziwiri, mfundoyo muikulunge tepi. Zingwe za mahedifoni zisiyeni, timawaya take n'topakidwa utoto wosadutsa magetsi ndipo mudzangotopa nato.

Dulani kakatoni kopyapyala, monga ka bokosi la machesi, kobulungira, kofanana ndi thako la batire. Sendani nsonga za mawaya awiri aja. Tinthambo ta kopa ta waya wofiira mutipinde n'kutiyala pakati pa kakatoniko mbali imodzi, ta wakuda mbali inayo, n'kugwiriza ndi katepi m'mphepete mokha, pakati pakhale poyera. Mbali ziwirizi zisakhudzane paliponse, ngakhale kanthambo kamodzi. Tsopano lowetsani kakatoniko pakati pa batire lomaliza ndi sipuling'i ya chotsekera, semani kampata m'mphepete mwa chotsekeracho kuti chingwe chituluke osatswanyika, n'kutseka. Kankhani switchi ya tochi kuti ikhale yoyatsa. Tochiyo siyaka, chifukwa katoni yadula njira. Gundanitsani nsonga ziwiri za kumapeto kwina kwa chingwe: yayaka. Zilekanitseni: yazima. Mwana wanga anakuwa ngati malume ake achita matsenga.

Nsonga ziwirizo ndizo zipita pa pegi. Sizipita kukamwa kwake kumene imalumira zovala, zipita kumichira iwiri ija timapana ndi zala. Sendani waya wotalikirapo, kulungani wofiira pamchira umodzi, wakuda pa unzake, kangapo ndithu, kuti mukapana pegiyo kopa agundane ndi kopa mnzake m'kati. Ngati sakufikana, onjezerani mikulungo. Onetsetsani kuti waya aliyense ali kutali ndi sipuling'i ya pegi, chifukwa nayo ndi chitsulo. Mawaya onse awiri akaikhudza, tochi ingoyaka osazima. Kunja kwa michirayo matani tepi kuti tinthambo tisabaye zala. Mukapana, kuwala. Mukasiya, mdima. Ubwino wina ndi wakuti mwana akaiwala, nyale imakhala yozima ndipo mabatire sakutha.

Pano ndinapusitsidwapo. Ndinkafuna kuti pakatoni paja pagwire bwino, ndiye ndinamatapo pepala lonyezimira la m'paketi ya mabisiketi. Tochi inangoti zii. Ndinafika poganiza kuti andigulitsa yakufa. Alongo anga anaseka mpaka misozi: "Mlongo wanga, si chonyezimira chilichonse chimene chili chitsulo. Ameneyu ndi pulasitiki." Pepala limenelo lisungeni, lili ndi ntchito yake m'botolo, koma magetsi silidutsa.

Botolo

Ndinayamba ndi chigubu cha madzi cha malita 5, poganiza kuti chachikulu ndiye chiwala kwambiri. Mwanayo atachivala chinkamumenya kuseri kwa mawondo, ndipo ankayenda ngati bakha. Komanso tochi yaing'ono siidzaza chigubu chotere, kuwala kumangotayika. Botolo la zakumwa la malita 2 ndilo loyenera mwana wa zaka 6 mpaka 10. Mukapeza lobiriwira mwachita mwayi. Loyera nalonso limatheka, mtundu muupeza ndi majumbo.

Chotsani pepala lake, litsukeni, kenaka mulipale kunja konse ndi mchenga wonyowa wa kumtsinje mpaka lichite mbuu ngati galasi la m'bafa. Musadumphe ntchito imeneyi. Botolo losapala limaonetsa tochi m'kati, kadontho kamodzi kothobwa m'maso, kwina konse mdima. Lopala limamwaza kuwala ndipo lonse limaoneka ngati likuyaka lokha. Ntchito iyi mupatseni mwanayo, ndi yake, ndipo imamukhazika pansi kwa ola lathunthu.

Botolo likhala chilili, kukamwa kumwamba m'chiuno, thako pansi. Mbali imene itsamire mwana, chakumtunda, dulani kachitseko ka mbali zitatu kokwana dzanja lanu. M'mphepete modulamo matani tepi, pulasitiki wodula amacheka. Kudzera pakachitsekopo yalani pepala lonyezimira lija m'kati, kumbali ya kumsana yokha, kuti kuwala kumene kukanapita pa malaya kubwerere kwa anthu. Kenaka ikani majumbo opyapyala achikasu kapena obiriwira, ong'ambang'amba, kuyambira pansi mpaka pakati pa botolo. Muwaike motakasuka ngati thonje. Mukawapanikiza amameza kuwala. Ine ndinasakaniza awiri achikasu ndi limodzi lobiriwira, ndipo nditayerekeza ndi chija tinaona kudambo, mtundu unali womwewo. Jumbo lofiira kapena labuluu musaikemo.

Tochi ilowe pakachitseko, iyang'ane pansi pa majumbo aja, mchira wake uloze kukamwa kwa botolo. Chingwe chitulukire kukamwa komweko. Boolani timabowo tiwiri m'khosi mwa botolo ndi msomali wotentha, mupisemo kachingwe, mumange tochiyo kuti isagwedere mwana akamadumpha. Msomali wotenthawo ndi ntchito ya wamkulu, ndipo muchitire panja, utsi wa pulasitiki si wabwino.

Theka la kumtunda, momwe muli tochi, liyenera kubisika. Ine ndinadula mwendo wa buluku lakuda lotanuka la ku kaunjika, amene kuno timati kalamidadi, n'kuliveka botolo kuchokera kumwamba mpaka pakati. Likakhala lotanuka limagwira lokha, ndipo mukafuna kusintha mabatire mumangolipinda. Theka la pansi ndinalizunguliza mizere iwiri ya tepi yakuda, motalikirana zala zinayi, kuti lioneke la mfundomfundo ngati mimba ya kachilombo. Mizere iwiri ndi yokwanira. Mukachulutsa mubisa kuwala kumene mwavutikira.

Za kumangirira kwake, musadalire guluu. Sokani lamba wa nsalu, wotambalala zala zitatu, kuchokera ku kapulana yakale yakuda kapena nsalu iliyonse yolimba, ndipo nsalu yovekera botolo ija muisokere pa lambayo mwamphamvu, mizere iwiri. Khosi la botolo mulimangenso ku lambayo ndi kachingwe. Lamba akhale womanga kutsogolo, wosasokerera ku malaya. Chifukwa chake ndi benchi. Sewero lisanayambe ana amakhala pansi nthawi yaitali, ndipo munthu sangakhale ali ndi botolo kumatako. Lamba akakhala payekha, mwana amangomuzunguza, botolo n'kubwera pambali, nthawi ikakwana n'kulibweza kumbuyo. N'chifukwa chake chingwe chija ndinati chikhale ndi kotsala.

Chingwe chiyende m'kati mwa malaya, chikwere msana, chitsike m'dzanja la malayawo. Chigwirizeni ndi mapini otseka atatu: pamsana, paphewa ndi pamkono. Chisazungulire khosi. Pegi imangiriridwe padzanja ndi kalasitiki kuti mwana akaitaya isalendewere pansi.

Mapiko ndi zina zonse

Zovala zam'kati sizifuna ndalama: malaya akuda a manja aatali ndi buluku lakuda. Zikakhala ndi zolembalemba, zitembenuzeni.

Mapiko apamwamba dulani ku katoni yolimba, awiri, otalika kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, ooneka ngati tsamba la mango. Asafike pa theka lowala la botolo. Poyamba ndinawadetsa ndi makala osinja osakaniza ndi phala la ufa. Anaoneka bwino kwambiri. Pa tsiku loyeserera, mwana wanga anakhudzana ndi mngelo wina, ndipo diresi loyera la mngeloyo linatuluka ndi chimzere chakuda kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Ndinalichapa ndekha, ndi sopo wanga, ndikupepesa kwa amake. Choncho makala ayi. Kutani katoniyo ndi nsalu yakuda kapena jumbo lakuda, musokere kuseri. Jumbo lili ndi ubwino wina, limateteza katoni ku mvula. M'mphepete sokeranimo kamzere ka nsalu yachikasu kuti mapikowo aoneke pamene nyale za m'tchalitchi zili zoyaka.

Mapiko apansi ndi a waya ndi neti. Waya ndi uja anyamata amapangira magalimoto, ndipo ngati pakhomo pali mnyamata, mupatseni ntchitoyo, amapinda bwino kuposa ife. Apinde mikombero iwiri yonga dzira, nsonga zonse azibweze m'kati ndi kuzikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Pasatsale nsonga yoloza kunja, pakuti pamalo pomwe pali ana makumi awiri, kutalika kwa mapiko a wina ndi kutalika kwa maso a mnzake. Neti ikhale yakale yong'ambika, yoti inasiya kale ntchito yoteteza udzudzu. Yabwino musaidule, Disembala ndi nyengo ya malungo. Ichapeni bwinobwino ndi sopo, poti maneti amenewa amakhala ndi mankhwala, muiyanike, kenaka muikoke pa waya ndi kusoka ndi manja. Mapiko apansiwa angosuzumira pang'ono kunsi kwa apamwamba. Mulifupi mwake monse musapitirire zigongono za mwana ataika manja m'chiuno, apo ayi sadutsa pakati pa mabenchi.

Mapiko anayiwo asokereni pa kakatoni kamodzi kokutidwa nsalu, kokula ngati chikhato cha munthu wamkulu, ndipo pa kakatoniko muike zingwe ziwiri zokolekera m'mapewa ngati chikwama cha kusukulu. Zanga ndinachotsa pa chikwama chenicheni chimene zipi yake inafa.

Miyendo iwiri yowonjezera ndi masokosi aatali akuda oikamo zidutswa za nsalu, osokera m'nthiti mwa malaya. Mangani kaulusi kuchokera kunsonga ya sokosi kufika pamkono, kuti mwana akakweza manja miyendoyo izikweranso. Ndi manja awiri ndi miyendo yake iwiri, yakwana isanu ndi umodzi. Kunena zoona, zimenezi ndinapangira masana ndi zithunzi. Nthawi ikakutherani, zisiyeni. Tinyanga ndi waya wofewa wopisa pa chipewa chakuda, wokulungidwa nsalu, nsonga zopindira m'kati ngati mbedza yotseka. Kachishango ka pamutu kaja, chipewa cha mlomo chimakayimira bwino popanda kuwonjezera kanthu.

Kuyesa mumdima

Chovala ichi simungachiweruze masana, ngakhale m'nyumba mutatseka makatani. Dikirani usiku, mutuluke pabwalo, muime patali mapazi makumi awiri, mwana ayende, atembenuke, athamange, akhale pansi, adzuke. Usiku woyamba tinapeza zolakwika zitatu. Kuwala kunkatulukira pakachitseko n'kuwalitsa msana, ndiye ndinamatapo tepi. Tochi inkaphethira yokha mwana akadumpha, chifukwa kakatoni kanali kutasuntha, ndiye alongo anga anakokako sipuling'i pang'ono kuti ipane mwamphamvu. Chachitatu sichinali cha chovala. Mwanayo ankapana pegi mofulumira ngati layiti ya ambulansi.

Kuthwanima kumafuna kuphunzira. Tinabwerera kudambo, iye atavala botolo lake, n'kumayang'ana chiphaniphani chimodzi ndi kuchitsatira: chikayaka, nayenso apane, chikazima, asiye. Anazindikira yekha kuti mdima umatalika kuposa kuwala. Tinagwirizana zowerenga chamumtima: pana pa "modzi", siya pa "wiri, tatu, nayi". Komanso ndinamuuza kuti aziyenda mokhotakhota, akutembenuka, chifukwa kuwala kuli kumbuyo ndipo akayang'ana anthu nthawi yonse iwo saona kanthu. Chiphaniphani cha pa sewero chiyenera kufulatira anthu, chinthu chimene tsiku lina lililonse ndikanamukalipira.

Poyeserera gwiritsani ntchito mabatire akale a mu wailesi. Atsopano muike madzulo a tsikulo, ndipo awiri ena akhale m'chikwama chanu pamodzi ndi tepi, singano ndi ulusi. Ngati mungathe, gulani olembedwa alkaline, amakhalitsa kuposa otchipa aja, ngakhale kwa sewero la mphindi zochepa otchipawo amakwanira.

Pa 24 mvula inayamba cha m'ma 4 koloko ndipo sinaleke. Ndinanyamula mapiko ndi botolo m'thumba la pulasitiki, mwana ndinakamuvekera pakhonde la tchalitchi. Chitani chimodzimodzi ngakhale kumwamba kuli koyera, Disembala wa ku Angónia sadalirika. Chinanso, lankhulani ndi oyendetsa mwambo nthawi ikadalipo kuti pofika gawo la mwana wanu azimitse nyale za kutsogolo. Ine ndinapempha akatekisiti mawa lake la tsiku loyeserera, ndipo anavomera. Atazimitsa, m'tchalitchi munangoti zii, kenaka kuseri kwa khola kunaoneka kadontho kachikasu, thwani, n'kuzima, n'kuonekanso patsogolo pang'ono. Kamwana kena kumbuyo kanafuula, "Amama, chiphaniphani chachikulu!" Nkhosa ziwiri zinaiwala kuti ndi nkhosa n'kuyamba kuchithamangitsa.

Pobwerera kunyumba agogo ake anamuletsa kupana pegi. Njira yathu imadutsa m'mphepete mwa dambo, ndipo iwo anati, "Iwe, usiku uno moto woyenda wokha m'dambo? Ufuna mawa mudzi wonse udzuke ndi nkhani?" Anamvera mpaka pa mlatho, kenaka anathwanimitsa kawiri, ndipo bambo wina amene ankabwera pa njinga anatsika n'kuyamba kuikankha.

Mukafika kunyumba tulutsani mabatire usiku womwewo. Akakhalitsa m'tochi amatuluka madzi amene amadya sipuling'i. Akatha musawaponye pamoto kapena kuwasiya poti ana angawatole. Chotsani kakatoni kaja ndipo tochi yabwerera kukhala tochi wamba, yathu ndi imene timapitira nayo kukhola la nkhuku mpaka lero. Mapiko ndinawakoleka pa msomali kuseri kwa chitseko, kutali ndi chinyezi ndi mbewa.

Pa 1 Juni, tsiku la ana, anaumirira kuvalanso kusukulu. Ndinamuuza kuti mwambo wa kusukulu ndi wa masana ndipo padzuwa botololo silioneka kuwala, koma sanamve. Kunali kozizira monga mudziwira Juni wa kuno, ndiye mapiko anawakoleka pamwamba pa juzi. Anabwerako madzulo mwendo umodzi wa sokosi uli m'manja, mabatire atatheratu. Anati anzake ankalowa awiriawiri pansi pa tebulo la aphunzitsi, atafunda kapulana, kuti aone kuthwanima, ndipo aliyense ankafuna kupanako pegi.